Chibale ndi Fupa

Makolo athu, amene adapulumuka nkhondo za mikondo ndi za ogula akapolo pobisala m'mapiri ndi m'malinga, adatisiyira mwambo wa pafupifupi chilichonse chimene chigwera munthu pansi pano. Mwana akabadwa pali chikuta, mtsikana akatha msinkhu pali chinamwali, ndipo munthu akatsikira kuli chete pali kubuma, pali kugona pasiwa, pali kumeta, kotero kuti pa tsiku la zovuta aliyense adziwa pokhala pake ndi ntchito yake, kuyambira adzukulu okumba manda kufikira amayi osinja ndi otunga madzi. Koma pali tsoka limodzi limene mwambo sudalikonzere mphasa, ndilo la banja lomwe lamva kuti mwana wawo walasidwa ku nkhondo, kutali kutsidya la nyanja yamchere, ali moyo inde, koma osadziwika ngati adzaliona dzuwa la mawa. Banja lotere silingabume maliro, pakuti kulira munthu wamoyo ndi malodza; silingaimbe nthungululu, pakuti akulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala; ndipo anansi, posadziwa ngati abwere ndi ufa wachipepeso kapena ndi mawu olimbikitsa, amangopereka moni ali chiimire nkupitirira, kusiya eni nyumba ali okha ndi mtolo umene sadziwa pousenzera.

Mtolo umenewu udagwera mabanja ambiri m'dziko muno pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene amuna oposa 25,000 a ku Nyasaland adavala zausilikali, ambiri a iwo m'gulu la King's African Rifles, limene kumudzi ankangoti Keyala. Adamenyana ndi Mataliyana ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, adalowa m'dziko la Abyssinia mu 1941, ena adafika ku Madagascar mu 1942, ndipo potsiriza, atadzera ku Ceylon, adatumizidwa ku Burma kukakumana ndi Ajapani. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mu 1944, nthawi imene mvula ya kumeneko imagwa usana ndi usiku osakata, asilikali a kuno pamodzi ndi anzawo a ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia adatsika ndi chigwa cha Kabaw, chodzala ndi nkhalango, matope ndi malungo, akudya zakudya zoponyedwa ndi ndege popeza misewu idali itasanduka dambo, kufikira adatulukira ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa Disembala. Wolasidwa m'chigwa chimenecho ankanyamulidwa pa machira ndi anzake, mapazi akumira m'thope, ulendo wautali asanafike pamene galimoto kapena ndege ikadamtenga kunka naye ku zipatala za ku India; ndipo ena mwa onyamulawo adali ana a amuna aja amene, pa nkhondo ya Chiwaya ya 1914, adasenza akatundu a Angerezi monga amtengatenga kufikira mapewa atanyuka.

Akuluakulu a kwathu, m'midzi yoyandikana ndi phiri la Nkhoma, ankasimba za banja lina limene mthenga wotere adalifikira m'masiku a mvula yoyamba, anthu ali pakalikiliki kubzala. Mesenjala wa ku Boma adafikira kwa mfumu monga mwa ulemu wake, mfumu nayo idaitanitsa mayi wa mnyamata wolasidwayo, atsibweni ake, ndi mkazi wake amene ankakhala m'mudzi wa kutsidya kwa dambo kumene mnyamatayo adali mkamwini. Ndipo popeza panalibe wodziwa kuwerenga Chingerezi, adatuma mwana kukaitana mphunzitsi wa sukulu ya mishoni. Mayiyo adafika manja ali mbuu ndi ufa umene ankayanika, nakhala pansi chapatali, miyendo ili tambalale. Mphunzitsi adawerenga kalatayo kawiri chamumtima asanatsegule pakamwa, ndipo m'kanthawi kameneko nkhope zonse zidali pa milomo yake. Kenaka adamasulira mawu ake ochepawo, nambala ya msilikali, dzina lake, ndi kuti adavulazidwa pomenya nkhondo.

"Aphunzitsi, amulasa pati mwana wanga?"

"Sadalembe, mayi."

"Nanga akudya?"

"Zimenezonso sadalembe."

Atsibweni, munthu wodziwa milandu, adafunsa funso limene lidawawa koposa onse, lakuti zachitika liti. Ndipo mphunzitsi atayang'ana tsiku lolembedwa pamwamba nawerengetsa ndi zala, zidaoneka kuti mwezi udali utafa kale ndi wina kukhala chilasidwire mnyamatayo.

Pamenepa ndipo pagona chinthu chimene chandisinkhitsa kwambiri pa nkhani imeneyi. Mayi amene wagwada usiku kupempherera mwana wodwala m'nyumba mwake apempha zinthu zimene zikali m'tsogolo, ndipo akatha ameni atambasula dzanja kukhudza mphumi ya wodwalayo kuti amve ngati thupi lazizira. Koma mayi uyu ankapempherera chinthu chimene kapena chidali chitagamulidwa kale masabata ambiri apitawo, osadziwa ngati akupempherera munthu wogona pa bedi la chipatala kapena mafupa okwiriridwa m'dothi la eni, monga nkhuku ikhalira mazira masiku ake onse osadziwa ngati ali ndi anapiye kapena adasukusa. Anthu anzeru za m'mabuku anganene kuti pemphero lotere lilibe phindu, pakuti zochitika zachitika. Ine sindivomerezana nawo. Wopemphera motero wavomereza ndi mtima wake wonse kuti Chauta sakhala m'mudzi umodzi kapena m'mwezi umodzi, kuti Iye amene amva kulira kwa pa Nkhoma lero adali kale m'chigwa cha Kabaw tsiku limene chipolopolo chidatuluka mu mfuti, ndi kuti dzulo ndi mawa zili pamodzi m'dzanja lake; ndipo chikhulupiriro chimenechi, chimene abusa amachifotokoza ndi mawu akuluakulu pa guwa, mayi wosadziwa kulemba dzina lake adachigwira ndi manja awiri popeza padalibe china choti agwire.

Malembo Oyera nawo sadaiwale anthu odikira mthenga wa nkhondo. Eli wokalamba adakhala pa mpando m'mbali mwa njira mtima ukumgunda; mayi wa Sisera, ngakhale adali mayi wa mdani, Malembo amuonetsa akusuzumira pa zenera, kudabwa kuchedwa kwa galeta la mwana wake; ndipo Davide, mfumu yomwe idadziwa nkhondo kuyambira ubwana wake, adakhala pakati pa zipata ziwiri, mlonda ali pamwamba kuyang'ana othamanga, ndipo othamangawo atafika ndi mbiri yachigonjetso iye sadafunse za adani ogwa kapena za ufumu wopulumuka, koma za Abisalomu yekha, mwana amene adamuukira. Momwemonso m'midzi yathu. Nyuzipepala ya boma inkasimba za mizinda yolandidwa ndi za Ajapani othawa, mafumu nkumaiwerengetsa pabwalo, koma kwa mayi uja nkhondo yonse ya dziko lapansi, ndi mizinga yake ndi zombo zake, idali ndi nkhope imodzi yokha, ya mwana amene adamubereka kumbuyo.

Masiku ano mthenga sayendanso pansi. Pamene asilikali athu 6 osungitsa mtendere adaphedwa kufupi ndi Beni m'dziko la Congo mu Novembala 2018, ena navulala, ndi pamene enanso 3 adagwa kummawa kwa dziko lomwelo mu Januwale 2025, mbiri idafika m'mafoni a anthu tsiku lisanathe. Koma idafika yosakanizika ndi mphekesera, zithunzi za eni ndi maina ongoganizira, kotero kuti akazi a ku Kamuzu Barracks ndi a ku Cobbe Barracks adagona m'maso, foni ili m'manja, akuopa kuti iitana ndiponso akuopa kuti siiitana. Liwiro la mthenga lafupikitsa masiku odikira, koma usiku wa wodikira ukali wautali monga kale.

Nkhawa ikasowa kolowera imafuna munthu woti imugwere, ndipo m'banja lija idagwera mkazi. Mwambo wa makolo unkati mwamuna akakhala ku uzimba, pa ulendo woopsa kapena ku nkhondo, mkazi wake adike, asadziwe mwamuna wina, pakuti akalakwa mkondo umene ukadaphonya udzalasa. Tsono mbiri itamveka, manong'onong'o adayamba kumadzi ndi pamtondo, akuti kodi chipolopolo chidamsankhiranji iyeyu pakati pa anthu ambirimbiri. Alongo ake a msilikaliyo, mitima ili yowawa, adafuna kupita kwa woombeza ula kuti akamve chimene mlamu wawo adachita. Ndinena mosabisa kuti pa miyambo yonse ya makolo, imene yambiri ndiilemekeza, uwu ndi umodzi wa imene idazunza osalakwa, chifukwa udatenga mlandu wa mafumu a ku Ulaya ndi a ku Japan nuusenzetsa mtsikana amene adali atalima yekha, kulera yekha ndi kugona yekha zaka zonse za nkhondoyo. Atsibweni, amene mbumba yonse idali m'manja mwawo, adaitana alongowo madzulo nati kwa iwo: "Ana inu, m'chigwa chimene mwamva chija akugwa anthu tsiku ndi tsiku, Ayao, Angoni, Atumbuka, ngakhale Azungu amene, kodi akazi a onsewo adalakwa tsiku limodzi? Ula udzakuuzani chimene mwapita nacho mumtima. Mlamu wanuyo akulira mwamuna wake monga inu mukulira mlongo wanu; mawa mupite mukamthandize kubzala." Mawu a akulu akoma akagonera, koma amenewa adakoma usiku womwewo, pakuti adapulumutsa banja limene likadapasuka mwini wake asanabwere.

Za mapemphero, m'nyumba imene ija mudali njira ziwiri, ndipo palibe adatsekereza njira ya mnzake. Mayi ndi mpongozi wawo wamkazi, pokhala Akhristu, ankasonkhana ndi amayi a Chigwirizano, natchula dzina la mnyamatayo pamaso pa Mulungu sabata ndi sabata, ndipo mayiyo mawu akamthera pakati pa pemphero, mnzake wa pambali ankalipitiriza, monga Aroni ndi Huri adachirikiza manja a Mose atalema. Agogo aakazi, amene sadalowepo m'kalasi ya ubatizo, adadzuka mbandakucha ndi kansengwa ka ufa, napita patsinde pa mtengo wa msolo, naomba m'manja mwaulemu, natchula mizimu ya makolo mmodzimmodzi kuti ikapembedze kwa Namalenga, ikamuyang'anire mdzukulu wawo m'dziko limene iwo sadalipondepo. Mkulu wa mpingo adazimva, koma sadapite nazo ku bwalo la mpingo, ndipo ndiyesa adachita mwanzeru. Munthu amene mwana wake akumira safunsidwa kuti akukuwa m'chinenero chanji.

Koma pemphero limene lidaoneka ndi maso lidali la makasu. Mvula sidikira kalata, ndipo munda wa msilikali uja, umene udali kwa apongozi ake, ukadagonera chaka chimenecho, popeza mkazi wake mphamvu zidamthera. Tsono abale a mwamunayo adawoloka dambo m'mamawa ndi makasu pa phewa, apongozi adaphika thobwa, ndipo midzi iwiri idachita dima, nibzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda wa munthu amene sadadziwe ngati adzadya za m'mundamo. Mutu umodzi susenza denga. Kubzalira munthu wolasidwa ndiko kunena pamaso pa Mulungu ndi pa anthu kuti tikumuyembekeza, ndipo ndikhulupirira kuti mbewu iliyonse imene idagwa m'phando tsiku limenelo idawerengedwa kumwamba pamodzi ndi mapemphero a m'tchalitchi.

Msilikali uja adabwera, chimanga chija chitakololedwa kale. Adatsika galimoto pa msewu waukulu nayenda pang'onopang'ono ndi ndodo ziwiri za m'khwapa, mwendo wamanzere wa buluku lake utapindidwa pa bondo ndi kumangidwa ndi chingwe. Ndipo nthungululu imene amayi adaikonzekera miyezi yonse ija idatuluka theka, theka lina lidasanduka misozi. Mayi wake sadanene kanthu, koma adagwada namkhudza bondo lija ndi manja onse awiri, monga ankachitira akagwa ali mwana.

Ambiri osimba nkhani zotere amalekera pamenepa, ngati kuti pemphero layankhidwa ndipo zonse zatha. Koma ine nditi apa mpamene chikhulupiriro cha banja chidayamba kuyesedwa ndi moto. Kupempha kuti munthu akhale ndi moyo nkwapafupi, pakuti mtima umapempha wokha. Koma kulandira moyowo m'maonekedwe amene Mulungu waubwezera, ndi kuusunga chaka ndi chaka alendo obwera kudzazonda atatha, imeneyo ndiyo ntchito. Munthu amene adachoka ali wolima ndime ziwiri dzuwa lisanafike pamutu adabwera wosatha kugalauza mzere umodzi. Usiku ankadzuka ndi mfuu, thukuta lili kamukamu, akuitana maina a anthu amene m'mudzimo sadawamvepo. Mphambe ikagunda ankadziponya pansi nabisa mutu. Ndipo mwendo umene udatsala ku Burma unkamuwawabe, nafuna kukanda chala chimene padalibe. Masana ankakhala pakhonde osalankhula, ndipo mwana wake akamsewerera pafupi nthawi zina ankamkalipira popanda chifukwa, pambuyo pake nkulira yekha. Kwa Achewa mkamwini amalemekezeka ndi khasu lake, ndi nkhokwe imene wadzaza ndi denga limene wafolera. Tsono sipadapite nthawi, ena a kuchikazi adayamba kung'ung'udza kuti mwana wawo wasanduka kapolo wa munthu wongodya, ndi kuti kukadakhala bwino akadabwerera kwawo, mkaziyo akadali wamng'ono woti nkukwatiwanso.

Ndipo amene adamtenga ali wamphumphu sadambweze ndi zokwanira. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani adazivundukula mu 2019 zidaonetsa kuti pa ndalama yothokoza asilikali nkhondo itatha, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankawerengeredwa mashileni 3 ndi theka. Ndiye kuti pa zaka 3 za matope ndi zipolopolo wina adalandira mapaundi 18, wina mapaundi 6 ndi mashileni 6, ngakhale magazi awo adali ofiira chimodzimodzi. John Chilembwe adaziona zimenezi zikali kutali, pamene mu Novembala 1914, magazi atakhetsedwa ku Karonga, adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a dziko lino akufera nkhondo imene si yawo, nasiya akazi amasiye ndi ana m'umphawi. Pa nsanja yachikumbutso ya ku Zomba padalembedwa maina a asilikali amene adafa, ndipo nkoyenera kutero. Koma maina a olumala, ndi a akazi amene adawasambitsa, kuwatsuka zilonda ndi kuwagwira usiku akamanjenjemera, sadalembedwe pa mwala uliwonse.

Nkhani ya kung'ung'udza kwa a kuchikazi kuja idafika kwa ankhoswe, ndipo mbali ziwiri zidakhala pansi pa mtengo. A kuchikazi adayala madandaulo awo, ndipo sadali onama, pakuti njala siimva za mamendulo. Pamenepo mlongo wamkulu wa msilikaliyo, yemwe uja adafuna kupita ku ula, adapempha mwaulemu kuti alankhule, nati: "Zikomo ankhoswe, zikomo eni mudzi. Ngati mlongo wanga wakulemerani, tipatseni, timtenga lero lomwe. Kwathu nsima ikachepa tidzagawana yomweyo. Chibale ndi fupa, sichiola. Adachoka ndi miyendo iwiri ali wathu, wabwera ndi umodzi ali wathu." Akulu adavomereza ndi mitu, pakuti mwambiwo unena zoona: ubwenzi, ulemu ndi kutchuka zili ngati mnofu umene umatha munthu akagwa m'mavuto, koma chibale chimatsala pamene zonse zavunda. Davide yemwe uja, atakhazikika pa ufumu, adafunafuna Mefiboseti mwana wa Yonatani, wopunduka mapazi onse awiri kuyambira tsiku limene mlezi wake adamgwetsa pothawa mbiri ya nkhondo, namkhazika pa gome lake masiku onse, osati chifukwa cha ntchito imene akadagwira koma chifukwa cha pangano.

Chimene anthu sadachiyembekezere ndi chakuti mkazi uja, amene mwambo sumuwerengera m'chibale cha fupa popeza ukwati umatha koma ubale sutha, ndiye adadula mlanduwo. Adagwada chapambali, maso ali pansi, nalankhula kwa atsibweni ake a iye mwini: "Malume, pamene anthu ankandinena kumadzi kuti ndine ndidalasitsa bambo a mwanayu, amene adandiimirira ndi a kwawo. Pamene munda udafuna kugonera, adabwera ndi makasu ndi a kwawo. Ine ndidapempha Mulungu kuti andibwezere mwamuna wanga, sindidamuuze kuti abwere ndi miyendo ingati. Mukawachotsa pano, inenso ndinyamula mwana ndi mphika, ndiwatsata." Padakhala chete kanthawi, kenaka nkhoswe ya kuchikazi idaomba m'manja niti nkhani yatha, mkamwini akhala.

Adaphatikiza kandalama ka ku usilikali kaja ndi mbuzi ziwiri zimene atsibweni a mwamunayo adagulitsa, namgulira makina osokera opukusa ndi dzanja kwa mmwenye wina wa sitolo, ndipo munthu uja adaphunzira utelala, nayamba kusoka zigamba, pambuyo pake malaya ndi mayunifomu a ana a sukulu, pakhonde la sitolo ya pamsika. Kukuwa kwa usiku sikudathe msanga, ndipo m'nyengo ya mabingu kunkabweranso ngakhale atamera imvi. Kumunda ankapita ndi mkazi wake, ndipo alamu ake a mkaziyo ankawoloka dambo chaka ndi chaka nthawi yogalauza ndi yopalira, kufikira ana a m'nyumbamo atakula natenga makasu.